Uvuni wa kwa a Lau

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi

Za ubwana wanga m'komboni sindilemba, ana inu, chifukwa azakhali anu anakufotokozerani kale, anawonjezera ndi zabodza zomwe. Ndiyambira pa ntchito. Agogo anu aamuna, amene anachoka ku Nyasalande wapansi n'kudzathera mapapo awo pansi pa mgodi, analumbira kuti mwana wawo sadzalowa m'dzenje. Ndiye tsiku lina Lolemba anandikoka dzanja ngati mbuzi yopita kumsika, mpaka ku Msewu wa Matchaina, kuseri kwa njanji. Dzina linali lalikulu kuposa msewu wake, chifukwa zitseko zinali zisanu basi. Panali ochapa zovala, malo odyera anthu a mumgodi, kasitolo ka nsalu, nyumba ya banja lolima kabichi m'mbali mwa khwawa, ndiye bekale ya a Lau. Azungu sankawafuna Matchainawo kumayadi kwawo, kukomboni kwathu nakonso sankaloledwa kukhala, choncho anangopanikizika pakati. Tinkamvana nawo pa chinthu chimodzi: tchuthi chikafika anzathu a Chishona ankakwera mabasi kupita kumusha, kumidzi kwawo, m'tauni n'kutsala ife ndi iwo.

A Lau anali bambo aafupi, ouma thupi, osaseka ndi munthu ntchito isanathe. Chichewa sankachidziwa, ine Chitchaina ndiye musanene, choncho tinkamvana m'Chilapalapa, chilankhulo cha mumgodi chija chongokhalira kulamula. Asilamu tonse a m'komboni tinkagula buledi kwa iwo chifukwa sankathira mafuta a nkhumba, ndipo agogo anu anachita kulowa okha kukanunkhiza zitini asanandisiye pamenepo. Koma bwana weniweni wa pamalopo sanali a Lau, unali uvuni. Unali ngati chulu chachikulu m'kati mwa nyumba, wanjerwa, wokhala ndi kachitseko kachitsulo. Anaumanga bambo awo a Lau ndi dothi la pachulu losakaniza ndi laimu, simenti ayi ngakhale supuni imodzi, ndipo pansi pake anayalapo mchenga, mchere ndi mabotolo oswa kuti zizisunga kutentha. Ntchito yanga inali kusonkha nkhuni m'katimo, kukokera makala kunja zikanyeka, kukolopa ndi chiguduli chonyowa chomangirira ku mtengo wautali, kenako kuwaza kafulawa pansi. Fulawa akada nthawi yomweyo, dikira. Akafiira pang'onopang'ono, lowetsa buledi. Nsidze zanga zinapsa mwezi woyamba ndipo sizinamerenso bwino, n'chifukwa chake mumandiseka pazithunzi.

Chaka changa chachiwiri, m'dzinja, akazi awo a Lau anamwalira, bekale n'kutsekedwa milungu itatu. Mvula inkagwa osalekeza. Tsiku lotsegula ndinalawirira, ndati ndiwasangalatse abwana ofedwa, n'kudzaza uvuni ndi nkhuni mpaka kukamwa. Ndikuti ndiyatse, ndinangomva mbama padzanja, bokosi la machesi uko! "Haikona!" anakuwa a Lau. "Mbichana, mbichana!" Ine kukamwa kuli yasa, osadziwa chomwe ndalakwa. Anandimasulira ndi mwana wawo wamkazi, Lily, wa msinkhu wanga, amene anakula akusewera ndi ana a m'komboni mpaka Chichewa chake chinkaposa cha ana anga ena amene sinditchula maina. "Jafali, akuti pang'onopang'ono," anatero. "Njerwa zamwa madzi. Ukaika moto waukulu madziwo awira m'kati, uvuni uphulika. Lero kamoto kokwana m'chipewa. Mawa kokwana m'beseni. Masiku asanu ndi atatu, ndiye buledi." Masiku asanu ndi atatu! Anthu a mumgodi ankabwera kudzatukwana pakhomo, ena n'kupita kukagula kwa Mgiriki wa kumsika, a Lau osatekeseka, ali khale pampando kuyang'ana kamoto kawo. Ine mumtima ndinkati mdalayu chisoni chamusokoneza mutu, ndipo zinanditengera zaka kuti ndivomere kuti wopusa ndinali ine.

Zaka za fulawa wosowa

Matchaina a mumsewu uja anatha ngati mano a nkhalamba, limodzilimodzi. Ana akaphunzira ankapita ku Harare kapena kutsidya kwa nyanja, makolo n'kutsatira kapena kumwalira. A Lau tinawaika pakona ya manda a m'tauni, moyandikana ndi chigawo chathu cha Asilamu, pafupi ndithu ndi pamene agona agogo anu. Lily, amene tsopano tinkawatchula kuti Mai Lily, anayendetsa bekale ndi amuna awo mpaka nthawi ija fulawa anasowa m'dziko muno. Inu akuluakulu mukukumbukira mizere ija. Yisiti akapezeka, fulawa palibe. Fulawa akapezeka, mafuta a galimoto yokatenga nkhuni palibe. Tinayesa kusakaniza ufa wa chimanga, tinayesa wa mapira ochokera ku Gokwe, koma buledi wake ukamugenda naye galu ndiye kuti wapalamula mlandu. Pomaliza Mai Lily anatseka, natsatira ana awo kunja, nyumba zonse zisanu n'kugwera m'manja mwa khonsolo.

Ine ndinakagwira kukhitchini ya kamgodi kena kufupi ndi Zvishavane, tikukhala ku Mandava m'kachipinda kamodzi, ine, amayi anu ndi inu anayi. Kapitawo wanga kumeneko ankayeza mchere pa sikelo, koma nyama inkatuluka pageti m'chikwama chake tsiku lililonse. Tsiku lina anandifunsa chifukwa chimene msuzi wa anthu a pansi pa mgodi unali madzi okhaokha. Ndinati, "Bwana, ng'ombe imangodutsa m'khitchini muno, siima." Anandisamutsira kotsuka mapoto miyezi isanu ndi umodzi. Nthawi imeneyo pakamwa ndinali napo, zindikirani zimenezo, chifukwa kutsogoloku mudabwa kumene panapita.

Patapita zaka zinayi ndinamva kuti khonsolo ya kwathu ikufuna munthu wosamalira nyumba za mu Msewu wa Matchaina. Ndinabwerera ndikuthamanga. Ndinapeza kochapa zovala kuja kwasanduka tchalitchi cha ng'oma, malo odyera akugulitsamo mowa, nyumba ziwiri zitagwa madenga, anthu atazula ndi mafelemu omwe. Bekale yokha ndiyo inatsala yathunthu, poti palibe wakuba akanatha kusenza uvuni. Ndinauumitsa masiku asanu ndi atatu monga mwa lamulo lake, ndipo kuyambira pamenepo Loweruka lililonse m'mawa ndinkayatsamo moto ndi nkhuni zotola ndekha. Amayi a m'komboni ataona utsi anayamba kubwera ndi mabeseni a masikono, ndipo pa Idi ndi pa Khirisimasi mzere unkafika kunjanji. Podikira masikono ankandifunsa za eni nyumbazo, ine n'kumawalozera pamene panali chitsime cha ochapa zovala ndi pamene pankakhala kabichi. Kukhonsolo palibe anandituma, palibenso anandiletsa. Kunena zoona sankadziwa n'komwe kuti kuli uvuni, ndipo ndinagwira ntchito mwamtendere zaka khumi ndi ziwiri.

Chaka cha wekishopu

Kenako kukhonsolo kunabwera shefu watsopano, ndiye kuti bwana, a Sibanda. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Ndi iwo okha m'khonsolo monse amene anaima n'kukana pamene ena ankafuna kugwetsa bekale kuti pakhale potsukira magalimoto. Analembera Mai Lily kalata, Mai Lily n'kutumiza zithunzi zakale za mabanja onse asanu, zimene tinazipachika m'bekale. Anaitananso Matchaina atsopano aja okumba miyala kumapiri kuti adzaone mbiri ya abale awo. Anthuwo anabwera mwaulemu, anayang'ana zithunzi, anati awa anachokera kuchigawo china kutali ndi kwawo, ngakhale chilankhulo n'chosiyana, anajambula ndi foni n'kumapita. A Sibanda anakhumudwa sabata yathunthu. Kwa iwo Mtchaina aliyense anali mbale wa Mtchaina mnzake, monga mmene Mmalawi aliyense analili achimwene, ngakhale waimvi ngati ine. Komabe ndinasangalala nawo, ndati Mulungu wandikumbukira. Ha! Ndikanadziwa. Bambowa anapita ku Gweru ku wekishopu ya kasungidwe ka zinthu zakale, masiku awiri okha, nabwerako ndi chikwatu cha mapepala ndi nzeru zodzaza thirakitala.

"Achimwene," anatero atangolowa m'bekale, "kuyambira lero moto muno ayi. Ichi ndi chuma cha tauni. Chinthu chakale sachigwiragwira, sachiyatsa, amangochiona."

"Shefu," ndinatero, "uwu ndi uvuni, si chithunzi. Ukakhala wopanda moto umamwa chinyezi."

"Aiwa, mudhara, utsi ukudetsa njerwa. Taonani mwayewu. Alendo adzati chiyani?"

"Adzati ndi uvuni, shefu."

Sanaseke. Sabata yotsatira kunabwera amisiri ndi matumba a simenti kudzamata uvuni wonse kunja kuti uoneke wosalala, pamwamba pake n'kupakapo penti yofiira yonyezimira, ati ndiwo mtundu umene Matchaina amaukonda. Abale inu! Dothi ndi laimu zimapuma, chinyezi chikalowa chimatulukanso. Simenti ndi penti zinautseka ngati munthu womuveka jasi lapulasitiki padzuwa. Ndinawalozera lata lobooka pamwamba penipeni pa uvuni, ndati koma konzani ili poyamba, anati zimenezo ndi za chaka chamawa. Anamanga chingwe kutsogolo kuti anthu asayandikire, ine ndemwe amene ndinapsa nsidze pamenepo n'kumaima kuseri kwa chingwe. Amayi a masikono anawabweza ndi mabeseni awo, ndipo mpaka lero ena salankhula nane, amati ndine ndinawaneneza. Ndinachenjeza pakamwa kawiri, kachitatu ndinalemba kalata, mkulu wanu Amina n'kundikonzera Chingerezi chake. Yankho linali lakuti kiyi wa kachitseko ka uvuni azikhala ku ofesi. Asa! Madzinja awiri anadutsa choncho. Ndikamasesa ndinkaika dzanja pa penti ija n'kumva kuzizira, ndipo fungo la chuku linkandilandira pakhomo m'mawa uliwonse.

Sabata imene Mai Lily anabwera

Tsiku lina Lachiwiri, itatsala miyezi isanu ndi iwiri kuti ndipume pa ntchito, a Sibanda anandiitanitsa ku ofesi. Ndinawapeza akumwetulira, kiyi uja ali patebulo.

"Achimwene, nkhani yabwino! Mai Lily akubwera Loweruka ndi adzukulu awo, kudzabweranso akuluakulu a kuchigawo. Ndaganiza kuti tiwadabwitse. Adzadye buledi wotentha wa mu uvuni wa bambo awo."

Ndinayesa makutu anga ayamba kukalamba. "Moto, shefu? Si inu munati chinthu chakale sachiyatsa?"

"Tsiku limodzi silingawononge kanthu. Masiku ano akuti mbiri izikhala yamoyo, anthu azinunkhiza, azilawa." Kumeneko ndiye ndinadziwa kuti bambowa apitanso ku wekishopu ina.

"Uvuni umenewo wamwa madzi madzinja awiri," ndinatero. "Ukufuna masiku asanu ndi atatu, mwina kuposa pamenepo, ndiponso tiyambe tagumula simenti ija."

"Simenti musaikhudze, alendo akufuna kuona chinthu chokongola. Muli ndi Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu. Munthu wokulira pa ntchito imeneyi alephere kuyatsa moto masiku atatu?"

"Kuthamanga sikufika, shefu. Uphulika."

Pamenepo nkhope inasintha. Anati ngati ndikukana ndilembe papepala kuti ndakana ntchito, iwo akapereka ku komiti yosungitsa mwambo, ndipo moto akayatsa Takawira, woyendetsa thirakitala ya zinyalala. Takawira ndinkamudziwa bwino. Munthu ameneyo moto uliwonse ankayatsa ndi tayala ndi dizilo.

Masana amayi anu anandipeza nditakhala pakhonde osavula nsapato. Nditawafotokozera sanachedwe n'komwe. "Kanani, bambo a Amina. Lembani pepalalo. Aimbireni Mai Lily muwauze. Iwo ndi mwana wa mwini uvuni, a Sibanda angawatsutse?" Ndinati nambala yawo ili ku ofesi. "Ndiye kaipempheni! Pakamwa mulibe?" Ndinati nanga akandichotsa ntchito, penshoni n'kupita. "Ku Mandava tinagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, tinafa?" Mayi amenewa, Mulungu awasunge, ankanena zoona, ndipo n'zimene zinandikwiyitsa kwambiri. Ndinawakalipira kuti za uvuni sazidziwa, iwo anangoti chabwino, odziwa ndinu, n'kulowa m'nyumba.

Ndikuuzeni zomwe zinali mumtima mwanga, osakometsera. Ndinkadziuza kuti bola ndiyatse ine wodziwa kusiyana ndi Takawira, kuti mwina ndi luso langa ndingapanikize masiku asanu ndi atatu kuti alowe mwa atatu. Kumeneko kunali kudzinamiza. Zenizeni n'zakuti ndinkaopa. Ndinali nditakalamba, ndilibe mudzi wokathawirako, nyumba tinkakhalayo inali ya khonsolo yomweyo. Ine ndinabadwira m'dziko muno, koma moyo wanga wonse pa windo la ofesi iliyonse ankandifunsa kuti kwanu kwenikweni ndi kuti. Ukafunsidwa funso limenelo zaka zambiri, umaphunzira kungoyankha kuti zvakanaka, shefu, ndiye kuti chabwino, bwana. Lachitatu m'mawa ndinakanena mawu omwewo, n'kutenga kiyi.

Nditatsegula kachitseko munatuluka mphepo yozizira, kenako munatuluka chule. Chule, ana inu, mu uvuni wa a Lau! Njerwa zam'kati zinali chinyezi chokhachokha. Lachitatulo ndinayatsa kamoto kakang'ono. Lachinayi ndinawonjezera kuposa mmene ndikanayenera, penti ija n'kuyamba kutuluka matuza, madzi akuchucha m'ming'alu ya simenti. Ndinathamangira ku ofesi kukawaitana a Sibanda kuti adzaone okha. Anabwera, anayang'ana, anati, "Mwaona? Ukuuma. Pitirizani." Lachisanu, kuti buledi adzapse Loweruka, panafunika moto wathunthu. Ndinasonkha nkhuni ndi manja anga awa. Dzuwa litapendeka ndinamva kulira m'kati mwa njerwa, thi, thi, ngati chimanga chokazinga, nthunzi n'kuyamba kutulukira pamwamba. Ndinati nditulutse makala msanga, koma ndikungogwira chokokera, denga lonse la uvuni linatitimira m'kati, phulusa ndi fumbi kudzaza nyumba yonse. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira. Sindinavulale paliponse, ndipo tsiku limenelo zinandinyansa kuti sindinavulale.

Loweruka alendo anabwerabe. A Sibanda anali atagula buledi wa m'sitolo n'kumuvula mapepala, mulu wa njerwa ataufunditsa tenti. Mai Lily anatsika m'galimoto ndi ndodo, tsitsi lonse lili mbuu, adzukulu awiri akuwagwirizira. Anandizindikira nthawi yomweyo. "Jafali! Wakalamba iwe!" Chichewa chija chinali chikadalipo. Anayenda m'chipinda monse kuwalozera adzukuluwo zithunzi, uyu wochapa zovala, uyu wolima kabichi, awa agogo anu. Kenako anafika pa tenti, naikweza ndi ndodo. A Sibanda anayamba kufotokoza m'Chingerezi chosalala kuti mwatsoka uvuni unali wokalamba kwambiri, khonsolo inayesetsa, koma zinthu zakale zili ndi nthawi yake. Mai Lily sanawayang'ane n'komwe. Anawerama movutikira, natola chibenthu cha simenti chopaka penti yofiira, nachitembenuza. Kenako anagwira njerwa imodzi ya pansi pa mulu. Inali ikadali yofunda.

"Jafali," anatero motsitsa mawu, m'Chichewa kuti enawo asamve, "anayatsa ndani?"

"Ndine, mayi."

"Masiku angati?"

"Atatu."

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira, bola akanandimenya ndi ndodo ija. Anangouza adzukulu awo kuti atopa, awaperekeze kugalimoto. Sanalawe kanthu, sanatsanzike munthu. Buledi wa m'sitolo uja anadya akuluakulu a kuchigawo, ndipo ndinamva mmodzi akuyamikira kuti buledi wa uvuni wa nkhuni amakoma mosiyana.

Popanda uvuni panalibenso choonetsa. Zithunzi anazitengera ku ofesi, zili m'kabati ina ngati chiswe sichinazipeze, ndipo chaka chisanathe bekale inagwetsedwa. Ine ndinapuma pa ntchito bwinobwino, anandipatsa ndi satifiketi yoyamikira kumvera kwanga. Musaifunefune, amayi anu anaiyala pa shelefu ya mbale. Pamalopo a Sibanda anaimikapo chikwangwani chachitsulo chofotokoza za mabanja asanu aja, ndipo mzere womaliza umati uvuni unagwa wokha chifukwa cha ukalamba. Mukadzapita ndi ana anu kukawerenga, mudzawauze kuti mzere umenewo ndi bodza. Uvuni uja unali wolimba kuposa ine, ukanakhala zaka zina zambiri. Sunagwe wokha, ndipo Takawira sanaukhudze. Ndinauyatsa ndine bambo anu, ndikudziwa bwino lomwe chimene chichitike.